Mapepala Asanu ndi Limodzi

Lolemba, 3 Juni

Ndapereka fomu. Dzina langa lili pa mndandanda wa opikisana pa udindo wa wapampando wa bungwe la aphunzitsi m'chigawo chathu. Tilipo awiri basi: ine ndi mwini mpando, amene wakhalapo zaka zisanu ndi zinayi. Muno ndizingomulemba kuti W., dzanja lingatope.

Mlembi wa ku ofesi ya bungwe atalandira fomu anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Aphunzitsi, mwaganiza bwino?" Ndinati ndaganiza. Kunena zoona sindinaganize, ndinangopsa mtima, ndipo mtimawo sunazirale chiyambire mwezi watha.

Ndilembe chifukwa chake, kuti ndikadzayamba kudzinamiza kope ili lidzanditsutse. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amaphunzitsa ana a kalasi yachiwiri pa sukulu ya kutsidya kwa njanji. Khoma la kalasi yake linang'aluka, mng'alu wolowa dzanja. Anauza ahedi ake katatu. Kachinayi anatulutsa ana onse 74, nawakhazika pakhonde la ofesi, nalemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro osadzera kwa ahediwo. Khoma analikonza patangotha sabata. Mwini kalata anamuimitsa ntchito, ati ndi wosamvera. Ufulu wochita apilo ali nawo, koma kalata ya apilo siilandiridwa popanda siginecha ndi chidindo cha wapampando wa bungwe. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 21 mwezi uno. Likadutsa ntchito yatha, ndipo m'nyumba ya sukulu atuluke ndi ana ake awiri. W. wakhalira fayiloyo masabata asanu. Chisankho chili pa 15. Ndikapambana ndikasaina pa 17 m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe.

Lachiwiri, 4 Juni

Mu sitafu nkhani ndi yomweyi. Mayi Belu adzisankha okha kukhala mkulu wa kampeni yanga, osandifunsa. Amaphunzitsa sayansi, koma dzinalo analitenga chifukwa ndiwo aimba belu la pasukulu pano zaka makumi awiri, ndipo sanachedwepo ndi mphindi imodzi. Abwera ndi chipepala chachikulu, alembapo sukulu zonse 43. Sukulu iliyonse imatumiza nthumwi ziwiri, ndiye ovota ndi 86. Nthumwi za pano ndi iwowo ndi ine. Mayina awagawa patatu: athu, ake, ndi oyendera mphepo. Athu 30, ake 35, otsalawo a mphepo.

"Vuto lanu ndi nkhope," atero. "Mumayang'ana munthu ngati wakopera mayeso. Muzimwetulira."

Ndayesera pa galasi la kabati ya zikho anthu atatuluka. Sizikuoneka bwino.

Ana amanditcha Theka Palibe, chifukwa pa masamu sindipereka theka la malikisi. Yankho limakhala lolondola kapena lolakwa. Mayi Belu akuti dzinali lafika kale m'sukulu zina ndipo likutithandiza. Kaya.

Lachinayi, 6 Juni

Sukulu zinayi masana ano, pa njinga. Miyendo ikuwawa.

Kulikonse n'chimodzimodzi: mipando yosiyana miyendo mu sitafu, makope ataunjikana pawindo, anthu akundimvera uku akuba nthawi pa wotchi. Ndikamanena za malamulo a bungwe maso amagwa. Ndikangotchula mafayilo okhaliridwa mitu imadzuka. Pa sukulu yoyamba ndinamaliza ndi kufunsa kuti "Mwamva nonse?" ndipo wina kumbuyo anayankha ndi mawu a mwana, "Inde aphunzitsi." Anaseka onse. Ndiyenera kusiya zimenezi.

Pa sukulu yachitatu bambo wina wa imvi anandiperekeza mpaka pamsewu, akukankha njinga yanga. Akuti nkhani yake ya kukwezedwa paudindo yagona m'dirowa ya W. zaka zitatu, ndipo kwamutsalira zaka ziwiri kuti apume ntchito. Mayi Belu afufuza anthu otere, akwana khumi ndi awiri. Ine sindimadziwa. Ndimayesa ndi mlamu yekha.

Potuluka pa sukulu yomaliza ndinamva mawu kuseri kwa chitseko: "Ameneyu akufuna mpando chifukwa cha mlamu wake basi." Zinandiwawa, makamaka poti munthuyo sananame kwenikweni.

Loweruka, 8 Juni

Ndakumana ndi W. kosindikiza mapepala, tonse tabwerera timapepala ta kampeni. Makina amodzi, nkhope yake ikugwera pamwamba pa yanga. Anaseka mpaka kupukuta misozi, nandikumbatira pamaso pa anthu. Munthuyu ndi wovuta kudana naye. Tinagona chipinda chimodzi ku koleji zaka ziwiri. Ndiye anandiphunzitsa kumanga tayi, ine ndinkamuchongera masamu ake asanapite nawo kwa aphunzitsi. Amadziwa dzina la mwana wa mphunzitsi aliyense, ndipo palibe mnzathu anagonekedwa m'chipatala iye osakamuona.

Ndinamukokera pambali. "A Wapampando, sainani fayilo ija nkhani ithe."

"Achimwene, inu mukuona fayilo imodzi, ine ndikuona anthu chikwi. Bwana wa ku ofesi ya maphunziro anachita manyazi ndi kalata ija. Ndikasaina lero, mawa ndikapita kukapempha kuti wakutiwakuti asasamutsidwe, akandiuza kuti bwana ali pamsonkhano. Dikirani mtima wawo uzizire."

"Uzizira pasanafike pa 21?"

Anangondisisita paphewa, natenga mtolo wake. Chimene chikundiopsa n'chakuti zimene amanenazo amazikhulupiriradi.

Lamulungu, 9 Juni

Mlamu anabwera ndi ana kudzadya nafe masana. Waonda, diresi yayamba kumukulira. Mkulu wake amamuwonjezera m'mbale, iye akungosunthasuntha ndi supuni. Akuti amadzukabe 5 koloko, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala pampando. Mapulani a maphunziro akulembabe tsiku lililonse, ati dzanja lingaiwale. Nyumba yake ili kuseri kwa makalasi, ndiye belu lililonse amalimva. Ana a kalasi yake akamadutsa amamupatsa moni pawindo, iye amasunthira kukhitchini kuti asamuone.

Potsanzika anati, "Alamu, musadane ndi anthu chifukwa cha ine." Ndinati palibe amene ndikudana naye. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, kenako anapita kukawaperekeza.

Lolemba, 10 Juni

Lero kunali kutsidya kwa njanji, ku sukulu ya mlamu. Mayi Belu amati tiilumphe, poti nthumwi imodzi ndi ahedi omwe aja. Ndinakana. Ahediwo anandilandira mwaulemu, nandipatsa mphindi zisanu, iwo ataima pakhomo manja ali kumbuyo. Palibe anafunsa funso. Mphunzitsi wina wachitsikana anatenga kapepala kanga, nakapinda kanayi, nakabisa m'kope.

Pobwerera ndinadzera ku kalasi ija. Khoma ali nalo latsopano, simenti ikadali yakuda. M'kati mulibe munthu. Ana ake anawaphatikiza ndi a kalasi ina, onse pamodzi 140, ena akhala mpaka pansi pa bolodi. Mphunzitsi wawo mawu anamuthera, akuphunzitsa ndi manja. Ndinaima pawindo kanthawi. Kunyumba kwa mlamu sindinagogode, ndinalibe chomuuza.

Lachiwiri, 11 Juni

Msonkhano wa opikisana, m'kachipinda ka kuseri kwa holo. Woyendetsa chisankho ndi ahedi ena amene anapuma ntchito kalekale, tonse timangowatcha Ahedi Akale. Amamva ndi khutu limodzi, koma palibe anawanenapo za chinyengo. Anationetsa pepala lovotera: mayina awiri, kabokosi pambali pa dzina lililonse. Wovota achonge m'kabokosi ka munthu amene akumufuna.

Anafunsa kuti pepala likakhala ndi zolemba zina titani nalo. W. anati, "Bola cholinga cha munthu chikuoneka, tiwerenge. Ndife aphunzitsi, zolemba zoipa tinazizolowera." Ndinati apa pali msampha: anthu ake aziika tizizindikiro kuti iye adzadziwe amene wamuvoteradi, mwina analonjezana kanthu kumbali. Ndinakana kwamtuwagalu. Chizindikiro chimodzi, m'kabokosi kamodzi. China chilichonse chikaonjezeka, pepala lawonongeka. W. anakweza mapewa nati, "Monga mwanenera, a Theka Palibe." Ahedi Akale analemba, tonse awiri tinasaina pansi pake.

Ndinatuluka wokondwa kuti ndamutsekera njira. Mayi Belu akuti athu afika 37.

Lachinayi, 13 Juni

Mayeso a pakati pa teremu atha. Mapepala 180 ofunika kuchonga pofika Lolemba, kampeni kaya palibe kampeni. Ndachonga 60. Bolopeni yofiira yatha, ndagula ina.

Lachisanu, 14 Juni

Malaya oyera ndasita ndekha. Zokanena mawa ndalemba, ndawawerengera mayi a kunyumba akutsuka mbale. Akuti zili bwino, koma ndichotse pamene ndatchula manambala a ndime za malamulo, anthu angagone. Ndachotsa. Anandifunsanso ngati ndikudziwa kuti ndikagonja angathe kunditumiza ku sukulu yakutali kumene basi siifika. Ndinati ndikudziwa. Anati chabwino, amangofuna kumva.

Mlamu watumiza uthenga pafoni: "Mulungu akutsogolereni alamu." Sindinayankhe. Mantha ndili nawo, ndisabise.

Loweruka, 15 Juni

Ndilemba mwadongosolo, mwina ndingamvetse.

Tinafika kuholo 8 koloko. Kalembera wa nthumwi anachedwa, mpaka 11 koloko tikudikira. Si ine ndekha ndinabwera ndi mapepala a mayeso. Sabata ya mayeso ndi imodzi m'chigawo chonse, ndiye mizere yonse ya kumbuyo inali aphunzitsi ataweramira pamaondo, aliyense ndi bolopeni yofiira, kuchonga, kuthetha, kuchonga, kuthetha. Ine ndinamaliza 40 pamenepo.

W. analankhula mphindi khumi ndi ziwiri, anthu anaseka kasanu. Ine ndinalankhula zinayi, sanaseke. Koma nditanena kuti pali anzathu khumi ndi atatu amene akudikira dzanja la munthu mmodzi, ndinaona ena akugwedeza mitu movomereza ngakhale kumbali yake.

Kuvota kunayamba 12 koloko. Malo ovotera anali tebulo lotchingidwa ndi bolodi, ndi bolopeni yabuluu yomangidwa pachingwe. Pofika pa ife a kumapeto inali itasiya kulemba, ndiye aliyense amangosolola yake m'thumba la malaya. Ndinalowa, ndinachonga pa dzina langa, ndinapinda, ndinaponya m'bokosi. Ndi zimene ndikukumbukira.

Kuwerenga kunali poyera, pa tebulo la kutsogolo, ife awiri titaima uku ndi uku. Ahedi Akale amatambasula pepala, kulikweza, kutchula dzina. Timayendera limodzi: 20 kwa 19, kenako 31 kwa 31. Mapepala ena amawaika pambali, pansi pa dasitala. Pomaliza W. 41, ine 38, pambali 7.

Anatenga asanu ndi awiriwo. Loyamba linali lopanda kanthu. Lachiwiri atalikweza holo inang'ung'udza. Pa dzina langa pochongedwa bwinobwino ndi inki yofiira. Pa dzina la W. pothethedwa, mtanda waukulu. Munthuyo analichonga ngati pepala la mwana: ili yankho lolondola, ili lolakwa. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi. Onse asanu ndi limodzi, onse ofiira, onse anga. 38 kuphatikiza 6 ndi 44. Sindinachite kuwerengera, zinangobwera zokha m'mutu.

Mayi Belu anaimirira. "Cholinga chikuoneka! Ngakhale mwana wa kalasi yoyamba angaone." Ahedi Akale anavala magalasi, natulutsa pepala la pangano lathu la Lachiwiri lija, naliwerenga mokweza mpaka pa masiginecha. Kenako anatembenuzira khutu lawo labwino kwa ine. "Aphunzitsi, mawuwa ndi anu?" Ndinati ndi anga.

Koma si zimenezo zikundikanikitsa kudya. Ndi pepala lachisanu. Atalikweza ndinaona kuchonga kwa mchira wautali wopindikira m'mwamba, ndi mtanda wokanikiza mpaka kuboola pang'ono pakati. Ndathetha choncho zaka 27. Mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwanga angalizindikire ali patali. Ndi langa. Dzanja linangopitiriza zimene linkachita m'mawa wonse, mwini wake osadziwa.

W. anabwera kudzandigwira chanza. Sanaseke. Ndikuganiza kuti nayenso analizindikira, poti mtanda umenewo anauona kambiri pa masamu ake ku koleji.

Sindinauze munthu.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndachonga mapepala 80 otsala aja.

Lolemba, 17 Juni

Mu sitafu andilandira ngati wofedwa. Wina wandipangira tiyi, chinthu chimene sichinachitikepo. Mayi Belu okha ndiwo sakukhuza maliro. Abwera ndi buku la malamulo a bungwe atapinda tsamba. Pali ndime imene ikuti voti iwerengedwe ngati cholinga cha wovota chikuoneka bwino. Akuti pangano la anthu awiri m'kachipinda silingaphe lamulo la bungwe lonse, ndipo ndikakadandaula ku likulu pasanathe masiku asanu ndi awiri, mavoti aja adzawerengedwa. Ndimeyo ndaiwerenga katatu. Akunena zoona.

"Zitsiru zisanu ndi chimodzi zatiphera chisankho," atero. "Ndikanazidziwa ndikanazikhoma ndi beluli." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka nawo pang'ono. Tiyi uja anazizira m'kapu.

Mlamu sanaimbe, ine sindinamuimbire. Mayi a kunyumba anapitako masana, akuti anangocheza za ana. Mawa ndipita kukatenga fomu ya dandaulo.

Lachiwiri, 18 Juni

Mlembi wa bungwe anatulutsa fomu, koma asanaisiye m'manja mwanga anati nditseke chitseko. Anandionetsa chimene Mayi Belu sanawerenge, tsamba lotsatira. Zotsatira za chisankho zikangotsutsidwa, chidindo cha chigawo chimatengedwa n'kukatsekeredwa ku likulu mpaka nkhani itaweruzidwa. Palibe wosaina kalikonse, kaya W. kaya ine. Ndinafunsa kuti likulu limatenga nthawi yaitali bwanji. Anati dandaulo lomaliza linatenga miyezi itatu. Mlamu kwamutsalira masiku atatu.

Potuluka ndinakumana ndi W. pamasitepe. Anaona fomu m'manja mwanga. Anandilowetsa mu ofesi mwake, natulutsa fayilo ya mlamu m'dirowa ya pamwamba, osati pansi pa mulu monga ndimaganizira. Pambali pake anaika pepala lina, lovomereza zotsatira za chisankho, limene wogonja akasaina sangadandaulenso.

"Achimwene, anthu 44 aja ndawamva. Akwiya ndi mafayilo, ndipo a ku ofesi ya maphunziro nawo amva, ndiye tsopano ndili ndi chowauza. Iyi ndisaina. Koma sindingasaine Lachisanu, inu n'kukanditsekera chidindo Loweruka. Muyambe ndinu."

"Nanga enawo khumi ndi awiri?"

"Mmodzimmodzi. Ndizionera nyengo."

Nyengo yake ndikuidziwa, bambo wa imvi uja waidikira zaka zitatu. Ndinati ndikaganize. Anati Lachisanu adzakhala mu ofesi mpaka 2 koloko. Za pepala lachisanu sanatchule, ndipo kusatchulako kwandipweteka kuposa akanandiseka.

Lachitatu, 19 Juni

Mayi Belu ayenda sukulu zisanu ndi zinayi dzulo ndi lero, ngakhale miyendo yawo ndi yotupa, zina aimba mafoni. Asonkhanitsa mayina a nthumwi 40 zochirikiza dandaulo. Ndinawaitanira m'kalasi ana ataweruka, ndinawauza za chidindo ndi za pepala la W. Anapukuta choko m'manja.

"Mtsikanayo ndikumumvera chisoni, Mulungu akudziwa," anatero. "Koma anthu 44 sanavotere mlamu wanu. Anavotera inu. Bambo wa imvi uja walemba dzina, akuti n'koyamba kuona munthu woima nawo. Mukawasiya panjira, sadzaimanso kumbuyo kwa munthu wina aliyense."

Pa masamu awo palibe cholakwa, khumi ndi awiri ndi ambiri kuposa mmodzi. Koma khumi ndi awiriwo akudikira ali pantchito, akugona m'nyumba zawo. Komanso likulu likhoza kutikanira, tonse n'kutsala manja ali m'khosi. Ndinawauza zimenezi. Anati ndikufuna zifukwa, ndipo munthu wofuna zifukwa amakhala atasankha kale.

Kunyumba ndinawauza mayi zonse, kupatula za pepala lija. Anali akusita. Sanandichonderere, ngakhale ndi mng'ono wawo wa bere limodzi. Anangoti, "Bambo, ine sindikuuzani chochita. Mungadzandinenere ine moyo wanu wonse." Napitiriza kusita, yunifolomu ya mwana imodzimodziyo kawiri.

Lachinayi, 20 Juni

Ndaphunzitsa mapiriyodi asanu ndi imodzi, sindikukumbuka ndanena chiyani. Mtsikana wa pa desiki ya kutsogolo anakweza dzanja kundiuza kuti ndalakwitsa kuchotsera pa bolodi. Analondola.

Fomu ya dandaulo ili m'chikwama, ndadzaza zonse, yatsala siginecha. Mayi Belu akuti tikapereke limodzi ku likulu Loweruka, basi ya 6 koloko m'mawa. Ndinati chabwino. Kaya ndinanama kaya sindinaname, sindikudziwa.

Lachisanu, 21 Juni

Ndinapempha ahedi kuti ndichoke pa buleki. Mayi Belu anali ataima pakhonde belu lili m'manja, maso ali pa wotchi. Ndinazungulira kuseri kwa zimbudzi ngati mwana wothawa sukulu, munthu wa zaka 52. Manyazi anandigwira, koma sindinabwerere.

W. anali yekha. Mapepala awiri aja anali kale patebulo. Lovomereza zotsatira ndinaliwerenga liwu ndi liwu kufuna pothawira, panalibe. Ndinasaina. Iye anasaina apilo, napumira pa chidindo, nadinda. Zonse sizinathe mphindi ziwiri. Anati ndikhale kaye ndimwe tiyi. Ndinakana, ndinatenga fayilo.

Ku ofesi ya maphunziro mzere unali wautali, ndinafika pawindo itatsala pang'ono kukwana 3 koloko. Mayi wa pawindo anatembenuza masamba, nayang'ana kalendala, nadinda kuti yalandiridwa. Nkhani idzamvedwa pa 9 Julayi. Mpaka tsikulo palibe womutulutsa m'nyumba. Zoti adzapambana palibe akudziwa, koma adzamumva.

Ndinapita kwa mlamu. Pabalaza ndinapeza makatoni asanu omangidwa ndi chingwe, makatani atachotsedwa, mabedi a ana atawaphwasula n'kuwatsamiritsa kukhoma. Sanauze munthu, ngakhale mkulu wake. Anali atakhala pa katoni ina atavala zovala za kuntchito. Ndinamupatsa kalata. Anayendetsa chala pa chidindo choyamba, kenako pa chachiwiri, milomo ikuwerenga deti.

"Alamu, bambo aja sapereka chinthu chaulere. Mwawapatsa chiyani?"

Ndinamuuza. Za dandaulo, za anthu 40, za bambo wa imvi. Nditayamba ndinalephera kusiya, ndinamuuzanso za pepala lachisanu, iye woyamba kumva. Ndimayembekeza kuti alira kapena andithokoza, ndipo zonse ziwiri ndimaziopa. Anangogwira kalatayo ndi manja awiri mpaka belu loweruka linalira.

"Ndiye ndikapambane basi," anatero. "Palibenso kuchitira mwina."

Foni inalira m'thumba, kachinayi chichokereni kusukulu. Mayi Belu. Mlamu anaona nkhope yanga.

"Yankhani, alamu. Zingwezi ndimasula ndekha."

Ndinatuluka pakhonde, ana akudutsa ndi zikwama zawo. Ndinayankha. Anayamba kunena za basi ya mawa, kuti asungitsa malo awiri a kutsogolo, kuti ndisaiwale chitupa, kuti nthumwi zina zitatu zalonjeza kudzatiperekeza. Ndinadikira mpaka anapuma.

"Mayi," ndinatero, "mawa musalawirire. Ndasaina."